Famasi imene inandiimbira foni chifukwa cha nambala ya pa kabokosi

Linali Lachiwiri m'mawa, mu Novembala, nthawi imene ife ogulitsa mbewu ndi feteleza sitidziwa mpando. Mvula yoyamba inali itagwa Loweruka, ndiye shopu inadzaza alimi, aliyense akufuna feteleza wake lero lomwe ngati kuti mawa sikudzacha. Foni inalira kawiri ndili pa sikelo, ndinaisiya. Kachitatu ndinaipanira paphewa.

"Atate, ndine wa ku famasi kumene mumagulira ambuya mankhwala a BP. Timabokosi tiwiri munatenga pa 28 Okutobala tija, tikadalipo?"

Mtima unangoti myuu. Wa mankhwala akakuimbira yekha, sakufunsa za umoyo wa ana. Ndinawauza kuti mankhwalawo ali kumudzi, cha ku Chadiza, kumene amayi amakhala. Iwo anati ndisachite mantha ndipo ndisawaletse ambuya kumwa, chifukwa BP sifuna kulumphitsa tsiku. Chimene ankafuna n'chakuti wina awerenge nambala ya batch, kutanthauza gulu la mankhwala opangidwira pamodzi, pa kabokosi kamene katsegulidwa. Mwa timabokosi tiwiri timene anandigulitsa, kamodzi kanali ka gulu limene kampani yowabweretsera katundu yalamula kuti libwezedwe.

Dzina la famasiyi sinditchula. Ndikaitamanda ndi dzina mudzati andipatsa kangachepe, ndipo pali zina zimene ndidandaule pansipa zimene sindifuna kuti zigwere mwana wa eni wolembedwa ntchito. Ili mkatikati mwa tauni ya Chipata, ndipo amene amagula kumeneko aizindikira ndikamafotokoza lisiti yake.

Amayi anawapeza ndi BP zaka zisanu zapitazo, ndipo amamwa amlodipine wa 5 mg, piritsi limodzi patsiku. Miyezi yambiri amalandira ku kiliniki ya kwathu popanda kulipira. Koma pamakhala miyezi ina imene amabwerako ndi kapepala m'malo mwa mapiritsi, ndipo kapepalako kamafika kwa ine pa minibasi. Kale ndinkangolowa pa kasitolo ka mankhwala kalikonse kapafupi. Amakudulira mapiritsi ndi sizasi, kukuikira mu kapulasitiki, kulemba 1x1 ndi bolopeni, basi. Sindinkaona cholakwika. Chinandisintha maganizo ndi mwezi wina pamene amayi anatupa mutu ndi chizungulire ali pa mankhwala, ndipo namwino atandifunsa kuti akumwa opangidwa ndi kampani iti, otha mphamvu liti, ndinangotulutsa kapulasitiki kopanda dzina. Sindikunena kuti mapiritsi aja anali abodza. Ndikunena kuti panalibe munthu padziko amene akanatha kunena kumene anachokera, ngakhale amene anandigulitsayo. Ine amene ndimakalipira mlimi wogula mbewu ya m'chidebe pamsika, ndinali kumwetsa amayi anga mapiritsi a m'chidebe.

Ndiye ndinayamba kugula pa famasi imene ndikunenayi. Malo ake si aakulu. Pali benchi imodzi, fani ya kudenga, firiji ya insulin, mankhwala a odwala shuga, pakona yokhala ndi kachipangizo koonetsa kuzizira kwake, ndi chikalata cha ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala kuno ku Zambia, chopachikidwa poti aliyense aone. Mwini ntchito ndi mayi wa zaka za m'ma 30 amene anaphunzira za mankhwala. Anthu amawaitana adokotala, iwo amakana tsiku ndi tsiku koma palibe amene amamva. Chachilendo chili pa kauntala. Asanakupatse kabokosi, amakaloza ndi kamakina ka m'manja, kamalira kuti tii, kenako amafunsa nambala yako ya foni. Lisiti ikatuluka, pansi pa dzina la mankhwala pamakhala mzere wina waung'ono: nambala ya batch ndi tsiku lotha mphamvu. Ine ndagula mankhwala ku Lusaka, ku Katete, ngakhale ku Lilongwe, koma lisiti yolemba batch ndinayamba kuiona pamenepa.

Tsiku lina kunalibe anthu, ndinawafunsa chimene kamakinako kamawerenga. Safunsa anadya phula. Anandionetsa pambali pa kabokosi pamene pali kachizindikiro ka ngodya zinayi, kodzaza timadontho takuda, kochepa kuposa chikhadabo cha chala chachikulu. Si mizeremizere ija ya pa sopo kapena pa botolo la mafuta. Dzina lake ndi DataMatrix, ndipo malamulo a kalembedwe kake amaikidwa ndi bungwe la GS1, lomwelija la mabakodi a m'masitolo. Mkati mwa timadonthoto muli zinthu zinayi, ndipo kawirikawiri zinalembedwanso pambali m'zilembo zoti munthu awerenge ndi maso. Nambala yoyamba ndi 01 ndi ya mtundu wa katunduyo, manambala 14 onena kuti uyu ndi amlodipine wa 5 mg wa kampani yakuti, mapiritsi akuti m'kabokosi. Yoyamba ndi 17 ndi tsiku lotha mphamvu. Yoyamba ndi 10 ndi batch, kutanthauza onse amene anaphikidwa mumphika umodzi, titero kunena kwake. Ndipo yoyamba ndi 21 ndi nambala ya kabokosi kameneko kokha, imene kena kalikonse ka mtundu umenewo sikayenera kukhala nayo.

Pa tsiku lija ndinachita manyazi pang'ono. Panalembedwa 270331, ine n'kuwerenga kuti 27 Malichi 2031, n'kunena kuti awa ndiye mankhwala okhalitsa. Anaseka. Amayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: 31 Malichi 2027. Ndikukuuzani kuti nanunso musadzadzinamize ndi zaka zinayi.

Za batch sindinavutike kumva chifukwa ndi ntchito yanga. Thumba lililonse la mbewu yovomerezeka limakhala ndi nambala ya lot, ndipo a SCCI amene amayang'anira mbewu m'dziko muno amatsata nambala imeneyo. Mlimi akabwera kudzadandaula kuti chimanga sichinamere, choyamba ndimamufunsa ndi chikwama chake. Akachibweretsa, ndimadziwa kumene ndinaoda, tsiku limene chinafika, ndi alimi ena amene anatenga lot yomweyo. Akanena kuti anayatsira moto, nkhani yathera pomwepo. Koma nambala ya kabokosi kamodzi kamodzi inali yatsopano kwa ine. Lot ili ngati mfunda, a Phiri kapena a Banda, anthu ambirimbiri. Iyi ya 21 ili ngati nambala ya pa chitupa cha NRC, ya munthu mmodzi.

Tibwerere ku Lachiwiri lija. Ndinaimbira mwana wa mlongo wanga amene amakhala ndi ambuya ake. Netiweki kwathu imagwira pa chulu cha kuseri kwa khola, ndiye zinatenga nthawi.

"Amalume, timabokosi kulibe. Ambuya anakolezera moto."

Amayi ali ndi chitini chakale cha mabisiketi mmene amasunga khadi la ku kiliniki, singano, ndalama za ku mpingo ndi mankhwala. Timabokosi amati timadya malo. Anatulutsa timapepala tonse ta mapiritsi m'timabokosi tiwiri tija n'kusakaniza m'chitini. Ndinabwezera foni ku famasi nditataya kale mtima, koma mayi aja anati palibe vuto: batch imadindidwanso m'mphepete mwa kapepala ka siliva kalikonse, bola kasadulidwe. Anandiwerengera manambala awiri a pa kompyuta yawo, ine n'kuwalemba kuseri kwa invoisi ya feteleza. Mnyamata uja anatenga timapepala tonse kupita nato pa chulu, n'kumawerenga chilembo chimodzichimodzi, chifukwa zilembozo n'zongodinda popanda inki ndipo zimaoneka ukapendeketsa padzuwa. Zinapezeka kuti amayi anali atayamba kale kapepala kamodzi ka batch yobwezedwayo, atamwapo anayi. Tinawauza asinthe ayambe a batch inayo, amene analipo okwanira mwezi.

Vuto lake, monga anandifotokozera, linali la kamatidwe ka siliva. Timapepala tina ta gulu limenelo sitinatsekeke bwino, chinyezi chinkalowa, mapiritsi n'kumafumbutuka. Loweruka lotsatira mnyamata anatumiza otsalawo kudzera kwa wa njinga yamoto, ndinawapereka, anandipatsa kabokosi kena kathunthu osalipiritsa ngakhale ngwee, kuphatikizapo anayi amene anamwedwa kale. Ananditembenuzira kompyuta kuti ndione: timabokosi ta batch imeneyo analandira 40, anagulitsa 17, ndipo pa 17 amenewo anali ndi manambala a foni a anthu 14. Atatu otsalawo anakana kupereka nambala pogula. Amenewo anangopachika chidziwitso pakhomo n'kumayembekeza kuti mwina adzadutsa.

Pamenepa ndiye pali ubwino wonse wa malowa, ndipo sindiuchepetsa. Chidziwitso chobweza mankhwala chikatuluka, masitolo ambiri amangochotsa zotsala pa shelefu, ngati achotsa n'komwe. Zimene zinapita kale kunyumba za anthu zimamwedwa mpaka kutha. Awa anatsata piritsi mpaka m'chitini cha mabisiketi ku Chadiza.

Koma pali chinthu chimene anthu a pamzere amakhulupirira chimene si choona, ndipo ine ndinatsutsana nawo eni famasi pa nkhani imeneyi. Kamakina kakalira kuti tii, anthu amapumira m'mwamba, amati makina avomereza kuti mankhwala ndi enieni. Ndinamvapo bambo wina akuuza mkazi wake kuti, "Waona, apimidwa." Sanapimidwe kanthu. Kamakinako kamangowerenga zimene zinasindikizidwa pa katoni n'kuziika mu kompyuta ya sitoloyo. Wopanga zabodza amene ali ndi makina abwino osindikizira akhoza kujambula kachizindikiro ka kabokosi kenikeni n'kukadinda pa timabokosi chikwi. Kamakina kadzalira tii pa konse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ife ku mbewu tinaziona kalekale: chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto wofiira, m'thumba lokongola kuposa lenileni.

Mayi aja sanakane. Anati nambala ya kabokosi imagwira wakuba pokhapokha ngati pali kaundula mmodzi kumene wopanga amalembetsa manambala onse amene watulutsa, ndipo wogulitsa aliyense akamagulitsa amafunsa kaundulayo n'kufufutitsa nambalayo. Ikadzaonekanso kwina kachiwiri, belu limalira. Maiko a ku Ulaya anayamba kuchita zimenezi pa 9 Febuluwale 2019: kabokosi ka mankhwala olembedwa ndi dokotala kamakhala ndi nambala yakeyake ndi chomata choonetsa ngati katsegulidwapo, ndipo wa famasi amatsimikiza asanapereke. Dziko la Turkey linayamba kutsata kabokosi kalikonse cha m'ma 2010. America inakhazikitsa lamulo lake mu 2013 ndipo yatenga zaka zoposa khumi kulikwaniritsa pang'onopang'ono, dziko la ndalama ngati limenelo. Ku Nigeria anatenga njira ina mu 2010, yofanana ndi makadi a tokitaimu amene tinkapala ndi ndalama yachitsulo: wogula amapala pa paketi, kutumiza nambala pa SMS, yankho n'kubwera kuti ndi enieni kapena ayi. Pa kauntala ya ku Chipata imene ndikunenayi, chimene kompyuta imatha ndi kukana nambala imene yagulitsidwapo kale m'sitolo momwemo, kukana katundu wotha mphamvu, ndi kukumbuka kuti kabokosi aka kanabwera pa invoisi iti, kuchokera kwa ogulitsa a pikulitsa ati a ku Lusaka. N'zambiri ndithu poyerekeza ndi kapulasitiki ka 1x1. Koma ndinawapempha kuti aziwauza anthu zoona, asamangomwetulira munthu akanena kuti apimidwa. Anati ayesa. Mpaka lero ndimaona akumwetulira.

Ndipo ngakhale nambala itakhala yoona kuyambira ku fakitale, sikuti za mkatimo n'zabwino. Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira ndi matenda a impso atamwa mankhwala amadzi a chifuwa ochokera ku India, amene munapezeka diethylene glycol ndi ethylene glycol, zinthu za poizoni. Mabotolowo sanali okopera. Anatuluka mu fakitale yeniyeni ndi malebulo ake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza dziko lonse mu Okutobala chaka chimenecho, kutchula mitundu inayi ya mankhwalawo. Pa tsoka lotero nambala siteteza mwana woyamba. Imathandiza kupeza mabotolo otsala asanafike kwa mwana wachiwiri ndi wachitatu, ndipo ku Gambia anthu anachita kuyenda khomo ndi khomo kutolera. Ndikaganiza za adzukulu anga ndi mankhwala a chifuwa amene timagula nyengo yozizira ya Juni, ndimamvetsa chifukwa chake mayi aja amaumirira nambala ya foni ngakhale pa kabotolo kamodzi. A WHO omwewo ananena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi apakati, mankhwala amodzi mwa khumi alionse amakhala abodza kapena osafika pa muyezo. Mmodzi mwa khumi. M'shopu yanga thumba limodzi mwa khumi likanakhala lotero, alimi akanandiotchera kalekale.

Pali mbali inanso imene ife a kuno ku malire timaidziwa koma sitikonda kuikamba mokweza. Mankhwala ena amene amagulitsidwa motchipa si abodza ayi, ndi enieni, koma ndi akuba. Malire a pa Mwami ali pafupi, Mchinji wa ku Malawi ali tsidya lomweli, ndipo njira za njinga zodutsa m'minda n'zosawerengeka. Ukamva wogulitsa akutchula mankhwala a malungo kuti LA, monga amatchulira ku Malawi, m'malo mwa Coartem, umadziwa mbali imene katundu wake wachokera. Ena amachokera m'zipatala zathu zomwe. Mu Meyi 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa mwaulere, atatumiza anthu kukagula m'mafamasi oposa 2,000 m'dziko muno pakati pa 2021 ndi 2023. Tsiku limenelo ndinakumbuka timapepala timene amayi amabwera nato ku kiliniki m'malo mwa mapiritsi. Katundu wa boma amachoka ku ZAMMSA, bungwe losunga ndi kugawa mankhwala a boma, ku Lusaka, kuyenda makilomita oposa 500 pa Great East Road, kuwoloka Luangwa, kufika ku nyumba yosungira ya kuno ku Chipata, kenako kugawidwa m'maboma mpaka ku timakiliniki ta kumidzi. Pa malo alionse amene katoni imatsitsidwa pali dzanja. Kabokosi kalikonse kakanakhala kolembedwa kuti nambala iyi inatumizidwa ku kiliniki yakuti, ndiye n'kupezeka pa shelefu ya sitolo, funso likanakhala lalifupi kwambiri. N'chifukwa chake ndimati amene angadane ndi manambalawa kwambiri si opanga zabodza a kutali, koma anthu ovala bwino amene timapemphera nawo.

Ndinawafunsa eni famasi ngati anthu otere amawabweretsera katundu. Anati amabwera, makamaka madzulo, ndi chikwama cha pamsana, mtengo wake theka. Yankho lawo limakhala limodzi: katundu wopanda invoisi kompyuta yanga siimulandira. Ndinaona kuti kompyutayo imawathandizanso kukana popanda kukangana ndi munthu.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono.

Mtengo ndi wokwera. Kabokosi ka amayi ndimalipira pafupifupi K20 kuposa pa kasitolo ka pafupi ndi msika wa Kapata. Kwa ine ndi ndalama yoti ndikhoza kupirira. Kwa mayi wogulitsa tomato amene akufuna mapiritsi a masiku atatu okha chifukwa ndi ndalama imene ali nayo, nkhani ndi ina. Ndipo apa ndi pamene dongosolo lonseli limagwa mphuno. Anthu ambiri kuno sagula kabokosi. Amagula kapepala kamodzi, ena theka. Kachizindikiro kali pa kabokosi, osati pa piritsi. Sizasi ikangolowa, uyu watenga mbali yokhala ndi batch, uyo watenga mbali yopanda kanthu. Famasiyi imayesetsa: akadula amalemba batch ndi tsiku pa kaenvulopu ndi dzanja. Koma ndaonapo kaenvulopu kakutuluka kopanda kanthu pamene mzere wafika pakhomo.

Chachiwiri, si timabokosi tonse tili ndi kachizindikiro kaja. Mwa zimene ndimaona pa shelefu, tambiri tochokera ku India tili nako, tina tili ndi mizere yakale yokha, tina tilibe chilichonse koma batch yodinda ndi inki. Pa totere amachita kutaipa pamanja, ndipo apa ndi pamene mzere umaima. Tsiku lina ndinaima mphindi 25 ndili wachinayi pamzere, mtsikana wothandiza akulimbana ndi kusiyanitsa 0 ndi O pa kabotolo ka mankhwala a m'maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma ine ndinali nditasiya shopu ndi mnyamata amene sadziwa kubweza chenji.

Chachitatu ndi malaiti. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, mphamvu ya sola imene ali nayo ankaisungira firiji. Sindiwadzudzula, insulin imafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 ndipo siidikira. Koma kompyuta inkazimitsidwa, n'kumalemba m'buku lachikuto cholimba kuti adzalowetsa madzulo. Ndinafunsa ngati zonse za m'bukumo zinalowadi. Anandiyang'ana, n'kunena kuti zambiri. Ndinawakonda chifukwa chosanama, koma zambiri si zonse.

Pali mnyamata wina amene amagwira madzulo ndi Lamlungu. Ndi waulemu, koma waulesi pa kamakina. Akaona kuti ukufuna timabokosi tiwiri ta mankhwala amodzi, amaloza kamodzi kawiri. Ndinamugwira mu Janyuwale. Lisiti inaonetsa batch imodzi pamene m'manja mwanga munali ziwiri zosiyana. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, zikanakhala chonchi mu Okutobala, amayi anga sakanapezeka." Anapepesa n'kukonza. Koma kompyuta yake inamulola bwanji, pamene amati imakana nambala yobwereza? Ndinafunsa mawa lake, ndipo zinapezeka kuti pa timabokosi topanda nambala ya 21, tokhala ndi batch yokha, palibe chimene chimamuletsa. Kuyambira pamenepo ndimayerekeza lisiti ndi kabokosi ndisanachoke pa kauntala, ngakhale a kumbuyo azing'ung'udza.

Lisitiyo nayo ndi ya pepala lija loterera limene limafufutika. Ukaisunga m'thumba la malaya mwezi wa Okutobala, pofika sabata yachitatu yasanduka yoyera ngati sunagule kanthu. Ine ndimaijambula pa foni tsiku lomwelo.

Za nambala ya foni ndili ndi mitima iwiri. Inapulumutsa amayi, n'zoona. Koma kompyuta imeneyo ikudziwa amene amagula mankhwala a shuga, a khunyu, a matenda obisika, m'tauni imene aliyense ndi mlamu wa wina. Ndipo amafunsa nambalayo mokweza, anthu ali phee kumbuyo kwako akumvetsera. Atatu aja amene anakana sindiwaweruza. Ndinapempha kuti aziika kapepala ndi bolopeni munthu azilemba yekha. Anaika sabata imodzi, bolopeni inabedwa, zinathera pomwepo. Chabwino chake n'chakuti m'zaka ziwiri sananditumizirepo uthenga wotsatsa malonda ngakhale umodzi. Foni yawo inalira kamodzi kokha, Lachiwiri lija.

Amalandira ndalama za pa foni, Airtel ndi MTN zonse. Amatseka 20 koloko, Lamlungu masana. Poimika galimoto palibe, koma ine ndimayenda pansi. Mankhwala ofunika kalata ya dokotala sakupatsa popanda kalatayo, ngakhale uwauze kuti wakhala ukumwa zaka khumi. Ndinaona mkulu wina wa mimba yake akutuluka mokalipa chifukwa anamukaniza amoxicillin wa chimfine.

Ndiye ine ndimagawa chonchi. Mankhwala a amayi a BP, mankhwala a malungo, chilichonse chamadzi chomwetsa mwana, ndi chilichonse chofuna firiji, ndimagula pamenepa ndipo K20 yoonjezerayo sindiiwerenga. Panado wa mutu wanga, bandeji ndi mafuta opaka msana ndimagula paliponse pamene ndili, sindingaimire mzere wa mphindi 25 chifukwa cha zimenezo. Amene amagulira makolo okhala kutali, amene mankhwala awo amayenda pa minibasi n'kukakhala mwezi wathunthu kumene iwe suli, ndi amene ndingawauze kuti apite kumeneko, agule kabokosi kathunthu, apereke nambala imene imagwiradi, ndipo ayang'ane lisiti asanatuluke.

Kumudzi ndinapita nditamaliza chipwirikiti cha feteleza, pa Khirisimasi. Ndinawatengera amayi chitini china chachikulu kuti timabokosi tizikwana osaphwasula. Anachilandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuikamo nyemba za mbewu. Mapiritsi akadali m'chitini cha mabisiketi. Tinagwirizana ndi mdzukulu wawo kuti kabokosi kakafika, iye azing'amba mbali yokhala ndi timadontho ija n'kuisomeka kudenga pamwamba pa chitseko, pamene pamakhala makhadi a katemera wa ng'ombe, ndipo chotsalacho ambuya azikolezera moto wawo. Pofika pano pasomekedwa zinayi.